Asilikali a m'thupi akamadula ukonde wawo womwe

Amene mumakhala cha ku Chowe mukudziwa mmene asodzi a pa nyanja ya Malombe amasamalira ukonde. Mphamvu yake ili pa mfundo. Mfundo zikamasuka, kambuzi yense wapita. Khungu lathu ndi chimodzimodzi. Maselo ake amagwirana pa timfundo totchedwa ma desmosome, topangidwa ndi mapuloteni monga desmoglein ndi ma plakin. Timfundoti tikamasuka, madzi amalowa pakati pa maselo, matuza n'kutuluka.

Nanga angamasule ndani? Mu Biology munaphunzira kuti ma antibodi ndi asilikali ogwira tizilombo. Koma pena thupi limalakwitsa n'kupanga ma antibodi olimbana ndi mwini wake yemwe, omwe amatchedwa ma autoantibodi. Ndi zimene zimachitika pa matenda a paraneoplastic pemphigus, amene amabwera limodzi ndi khansa kapena chotupa china.

Matendawa anafotokozedwa koyamba mu 1990 ndi dokotala Grant Anhalt wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America, pamodzi ndi anzake. Iwo anaona odwala asanu, onse a zotupa, okhala ndi zilonda zowawa m'kamwa ndi matuza pakhungu. Kuti atsimikize wolakwa, anatenga ma antibodi m'magazi a odwala n'kubaya tiana ta mbewa. Mbewazo zinalibe khansa, koma khungu lake linayamba kulekana. Umboni ndi umenewo: si khansa imene ikudya khungu, koma ma antibodiwo.

Kodi khansa ikulowapo pati? Zotupa zambiri zoyenda ndi matendawa, monga lymphoma ndi chotupa cha Castleman, zimamera m'maselo a chitetezo cha m'thupi momwemo. Mu 2004 akatswiri a ku Beijing anapeza kuti maselo a m'chotupa cha Castleman amatha kupanga okha ma autoantibodiwa, ndipo chotupacho chikachotsedwa odwala ambiri amapezako bwino pakhungu.

Choopsa n'chakuti vutoli silithera pakhungu. Milomo imang'ambika, munthu amalephera kudya ngakhale phala, maso amafiira, ndipo timinjira ta mpweya m'mapapo timatha kutsekeka mpaka imfa. Komabe zilondazi zimathandizanso mwa njira ina: nthawi zina zimaoneka khansa isanadziwike, ndiye dokotala akazizindikira amayamba kufufuza chotupa chobisika.

Musachite mantha, matendawa ndi osowa kwambiri, ndipo zilonda zambiri za m'kamwa zimapola zokha. Sapatsirana, komanso si ufiti. Koma wachibale akakhala ndi zilonda za m'kamwa zosapola kwa masabata atatu, makamaka ngati ali ndi mwanabere wosaphwa, akuonda kapena akutuluka thukuta usiku, musamuchedwetse pakhomo. Ayambire ku chipatala chapafupi kapena cha boma ku Mangochi, komwe angamutumize ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre kukapimidwa khungu ndi magazi.