Mpingo usaiwale mabanja opanda mphatso ya mwana

Chaka chilichonse pa 15 October dziko lino limakumbukira anakubala, ndipo m'matchalitchi ambiri ku Ndirande, Chilomoni ndi Bangwe amayi amaimiritsidwa, kuomberedwa m'manja ndi kupatsidwa zitenje. Ndi mwambo wabwino. Koma pabenchi lomwelo pamatsala mayi wina, wazaka 8 kapena 10 pabanja, amene sadziwa ngati aimirire kapena akhale. Ena masiku amenewa safika n'komwe kutchalitchi.

Kwathu kuno ulemu wa munthu wamkulu umadzera mwa mwana. Timati "amake Chisomo", "bambo a Mphatso". Wopanda mwana amaitanidwabe ndi dzina lake ngati mtsikana, ndipo kuseri amamuti chumba, mwamuna n'kumuti gojo. Alamu amanong'ona, apongozi amafunsa mwezi ndi mwezi, mwina ankhoswe n'kuyamba kukamba zothetsa ukwati kapena zopezera banjalo fisi mobisa. Munthu wokhala m'zoterezi amasowa tulo, amaleka kudya, amazemba maukwati ndi zikuta za anzake. Amenewa ndi matenda a nkhawa, ngakhale ife timangoti wayamba kunyada.

Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2023 linati pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 aliwonse amakumana ndi vuto losabereka nthawi ina pamoyo wake. Ndiye kuti mumpingo uliwonse alimo, kungoti sanena. Ife aphunzitsi timauza ana kusekondale kuti vutoli limatha kukhala kwa mwamuna kapena mkazi, komanso kuti chinzonono kapena likodzo zikapanda kuchizidwa msanga zimaononga njira zoberekera. Ana amakhoza mayeso, koma akakula mlandu amausenzetsabe mkazi yekha.

Mpingo umapempherera mabanjawa, izi sindikutsutsa. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ulaliki wonena kuti kusabereka ndi tchimo lobisika, ziwanda zakumtundu kapena kuchepa kwa chikhulupiriro. Mayi amasala kudya, amakwera kuphiri la Soche kukachezera kupemphera, amapereka "mbewu" kwa aneneri, ndipo mwezi ukatha popanda kanthu amayamba kudziona ngati wokanidwa ndi Mulungu. Chonsecho Luka akutiuza kuti Zakariya ndi Elizabeti anali olungama, koma anakalamba opanda mwana. Ndipo Hana atalira m'kachisi, wansembe Eli poyamba anamuyesa woledzera. Mtumiki wa Mulungu naye atha kuona misozi n'kuimva molakwa.

Pachilangizo, asanapite ku mchezo wa ukwati, abusa ndi alangizi azinena poyera kuti ukwati wachikhristu ndi wathunthu ngakhale mwana asabwere. Pakatha chaka banja likuyesetsa popanda pathupi, akulu ampingo alimbikitse onse awiri kukayezetsa ku Queen Elizabeth Central Hospital, osati mkazi yekha atagwira kabuku kakuchipatala mwamuna ali kuntchito ku Limbe. Kumenekonso kuli madokotala oona za maganizo, ndipo kupitako sikutanthauza misala.

Amayi a Mvano ndi a m'miphakati amadziwa kuyendera odwala ndi ofedwa. Banja lopanda mwana nalo limalira maliro mwezi uliwonse, popanda wobwera kudzapepesa. Poliyendera asatenge mankhwala azitsamba kapena nambala ya mneneri wina. Akhale pansi, amve zimene awiriwo akumva, ndipo bamboyo amufunsenso, chifukwa iye kawirikawiri amakabisa zake kumowa.