Khodi yobwereka: kusankha laibulale polemba pulogalamu ya blockchain

Kwathu ku Nkhotakota, mnyamata amene akuyamba usodzi sathamangira kukagwetsa mtengo kuti aseme bwato lake. Amabwereka, kapena amalowa m'gulu la munthu amene ali kale ndi bwato ndi chilimira. Koma asanapalase kulowa pakati pa nyanja usiku, amaliyang'ana kaye bwatolo ngati silikudontha, ndiponso amafunsa amene analikwerapo. Wophunzira za kompyuta amene wasankha blockchain pa pulojekiti yake ya chaka chomaliza nayenso adzabwereka, afune asafune. Nkhani yagona pa kudziwa chobwereka.

Tiyerekeze kuti alimi a mpunga a m'mbali mwa mtsinje wa Bua ali ndi kopaletivu, ndipo akupemphani kuti muwakonzere kaundula wa matumba amene membala aliyense wabweretsa, woti mlembi kapena wapampando asathe kusintha manambala mwakabisira. Blockchain ndi kaundula wotero: makope ake amasungidwa pa makompyuta ambiri, ndipo tsamba lililonse limamangirizidwa ku lam'mbuyo mwake, moti wosintha limodzi amaonekera. Pansi pake pali masamu ovuta otetezera chinsinsi ndi kusainira zolembedwa. Masamu amenewa musalembe nokha. Akatswiri analemba kale, anzawo anayesa kuwathyola kwa zaka zambiri, ndipo anawaika poyera m'malaibulale, kutanthauza mitolo ya khodi imene aliyense angathe kuiwerenga, kuitenga ndi kuilumikiza ku pulogalamu yake.

Khodi yambiri yotere imakhala pa GitHub. Olemba JavaScript amaitsitsa kudzera pa npm, a Python pa PyPI. Ngati mukugwira ntchito pa Ethereum, OpenZeppelin Contracts ili ndi ma smart contract olembedwa m'chiyankhulo cha Solidity, monga a ERC-20 ndi oyang'anira amene ali ndi chilolezo chochita zakutizakuti. Kuti tsamba lanu la pa intaneti liyankhulane ndi blockchain pali ethers.js ndi viem, ndipo a Python ali ndi web3.py. Kwa alimi athu aja, ine ndingayambe ndayang'ana Hyperledger Fabric, ya pansi pa Linux Foundation, chifukwa amalowamo ndi okhawo aloledwa ndipo sifuna ndalama ya crypto kuti iyende. Zimenezi n'zofunika kuno kwathu, poti Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti ndalama za crypto si ndalama zovomerezeka m'dziko muno.

Mukapeza laibulale, funso loyamba ndi lakuti, kodi ikadali ndi moyo? Onani tsiku limene anaikonza komaliza, ndiponso ngati madandaulo a anthu akuyankhidwa. Mavidiyo ambiri ophunzitsa a pa YouTube amagwiritsa ntchito web3.js, koma oisamalira anasiya kuikonza mu 2025. Mukhoza kutsatira phunziro lonse bwinobwino, osadziwa kuti mwakwera bwato lopanda mwini.

Funso lachiwiri ndi lovutirapo: kodi ili m'manja mwa ndani? Mu 2018 mwini wake wa laibulale yotchuka ya event-stream, atatopa nayo, anaipereka kwa munthu wachilendo amene anadzipereka kuti aziisamalira. Mlendoyo anabisamo khodi yofuna kuba ndalama za anthu ogwiritsa ntchito chikwama cha Bitcoin chotchedwa Copay. Olemba Copay sanalembe khodi yakubayo; inalowa ngati minga ya nsomba m'ndiwo, kudzera pa laibulale imene ankaidalira. Mu December 2024 zofanana zinachitikira laibulale ya Solana pa npm: veshoni 1.95.6 ndi 1.95.7 zinatuluka zili ndi khodi yoba makiyi achinsinsi, ndipo zinakhalapo maola angapo zisanachotsedwe. Amene pulogalamu yawo inatsitsa veshoni yatsopano m'maola amenewo ndiwo anakodwa. N'chifukwa chake muzilemba nambala yeniyeni ya veshoni imene mwaiyesa, muzisunga fayilo ya package-lock.json, ndipo muzithamangitsa lamulo la npm audit kawirikawiri. Dzina la laibulale muzikopera pa tsamba la eni ake, chifukwa akamberembere amaika zawo za mayina osiyana ndi chilembo chimodzi chokha.

Pali ngozi ina ya blockchain yokha. Pulogalamu wamba ikalakwika mumaikonza m'mawa mwake, koma smart contract ikaikidwa, yaikidwa. Mu November 2017 zikwama zambiri za Parity zinkadalira laibulale imodzi yokhala pa Ethereum pomwepo. Munthu wina anapeza kuti laibulaleyo inalibe mwini wolembedwa, anadzipanga mwini wake, kenako n'kuifafaniza. Ether oposa 500,000 anatsekeka m'zikwamazo. Palibe amene anaba. Kiyi anangogwera m'nyanja. Ndiye werengani malipoti a akatswiri amene anaifufuza laibulaleyo, monga amene a OpenZeppelin amaika poyera, ndipo musasinthe mizere ya m'kati mwake musanaimvetse.

Za laisensi ambirife timangodumpha, chonsecho Sabata lililonse timaphunzira za ukapitawo ndi kukhulupirika. Chaulere sikuti chilibe mwini. Laisensi ya MIT, monga ya OpenZeppelin Contracts ndi ethers.js, imakulolani ngakhale kugulitsa pulogalamu yanu, bola musachotse dzina la eni ake ndi mawu a laisensiyo. Apache 2.0, ya Fabric, ili pafupi ndi imeneyi. GPL imafuna kuti mukagawira ena pulogalamu yomangidwa pa khodi yake, khodi yanunso muipereke pa mfundo zomwezo. Ndipo mu lipoti lopita kwa aphunzitsi, tchulani zimene mwabwereka.

Bandulo ya intaneti ndi yodula, choncho tsitsani zonse mukadali pa koleji. Hardhat ndi Foundry zimayendetsa blockchain yoyeserera pa laputopu yanu popanda netiweki, moti pa holide mukhoza kupitiriza ntchito muli ku Chia kapena ku Dwangwa. Kenako yesani pa Sepolia, pomwe Ether wake ndi woyeserera chabe. Kiyi wachinsinsi musamulembe m'fayilo yopita pa GitHub, ngakhale kwa mphindi imodzi. Pali mapulogalamu amene amasakasaka makiyi otere usana ndi usiku.

Musanatsitse chilichonse, kakhaleni tsiku limodzi pamene alimi amayezera mpunga. Blockchain imasunga nambala imene yapatsidwa, siidziwa ngati thumba lolembedwa makilogalamu 50 linakwanadi. Mukapeza kuti mkangano wawo uli pa sikelo, kapena kuti mamembala atatu okha ndiwo ali ndi foni za intaneti, kaonaneni ndi aphunzitsi anu mutu wa pulojekiti usanavomerezedwe.