Ayambe ndani? Za pamjigo kwa Chikomeni ndi za pakhomo la ndege

Kwathu kwa Chikomeni mzere umayamba eni ake akali m'tulo. Mukadzuka m'bandakucha mwezi wa October, zitsime za m'dambo zitaphwa, mudzi wonse ukudalira mjigo umodzi, mupeza zigubu zachikasu ndi zidebe zitandandalikana kuchokera pampopi mpaka patsinde pa mango, munthu palibe. Chigubu chilichonse chaimira mwini wake. Wina wamanga kansanza kofiira pachogwirira, wina walemba dzina ndi msomali wamoto. Palibe amasuntha cha mnzake, ngakhale pasakhale womuona. Kuchigayo nakonso amafola ndi matumba, eni ake ali pamthunzi kutsitsa nkhani.

Koma dikirani dzuwa likwere pang'ono, atulukire ambuya ena ndi kachidebe kawo, ndodo kudzanja linalo. Mtsikana amene ali pachogwirira cha mjigo amachotsa chigubu chake chisanadzaze n'kuti, "Ambuya, bweretsani kuno ndikupopereni." Mzere wonse uli chete, wodandaula palibe. Mayi wodwala pakati sachedwetsedwa. Akabwera anyamata ndi migolo yotungira madzi a pamaliro, aliyense amafutuka osauzidwa. Lamuloli silinalembedwe paliponse, komiti ya mjigo sinakhalepo pansi kulikambirana, koma mwana wa zaka 8 akulidziwa.

Zonsezi ndinazikumbukira ndili kutali, pabwalo lina lalikulu la ndege kunja kwa dziko lino, ndikuperekeza azakhali anga kukaona mwana wawo. Ulendo tinauyamba monga mwa masiku onse: kutsika ku Chipata, basi ya ku Lusaka, kenako bwalo la Kenneth Kaunda, m'nyumba yatsopano ija inatsegulidwa mu 2021. Kumeneko zinayenda bwino. Zachilendo zinayambira kumene tinakasintha ndege. Pakhomo lokwerera anali atagawa njira pawiri ndi lamba, ina yoyalidwa kapeti, ina yopanda kanthu. Patikiti ya aliyense panali nambala ya gulu. Ife tinali m'gulu lomaliza. Kudakali theka la ola kuti ayambe kuitana, anthu anali ataunjikana kale pakhomopo, zikwama m'manja, maso tong'o pa mayi wa pamakina.

Azakhali anandikoka malaya.

"Kodi mwanawe, ndegeyi ikusiyako ena?"

"Ayi azakhali, aliyense ali ndi mpando wake, nambala ili patikitipo."

"Nanga akuthamangiranji?"

Ndinasowa poyambira. Funso lawo linali la munthu wodziwa maulendo. Kwathu kulimbirana malo kuli ndi chifukwa chake: galimoto ya Canter yopita ku Lundazi ikadzadza yadzadza, wotsala agona pamsewu kapena adikire mawa. Mjigo ukayamba kutulutsa matope, wa kumbuyo abwerera ndi chigubu chopepuka. Koma m'ndege woyamba kukwera ndi womaliza amanyamuka limodzi n'kutera limodzi. Woyambayo amangopindula kukhala nthawi yaitali pampando wopanikiza.

Chimene amalimbirana si mpando ayi, koma timakabati ta pamwamba pa mipando toikamo zikwama. Kale katundu wamkulu ankapita pansi pa ndege popanda malipiro apadera. Mu 2008 kampani ya American Airlines inayamba kulipiritsa madola 15 pa chikwama choyamba chopita pansi, ndipo makampani ena a ku America anatsatira. Anthu pothawa ndalamayo anayamba kulowa ndi zikwama zawo m'kati, timakabati tija n'kuchepa. Malo atachepa, kukwera msanga kunasanduka chinthu chamtengo, ndipo makampani omwewo anayamba kukugulitsa. Ku Ulaya kampani ya Ryanair inachita kulunjika: kuyambira November 2018, amene sanalipire zokwera msanga amaloledwa kachikwama kamodzi kokha kolowa pansi pa mpando. Kwathu tikanati munthu wakwirira chitsime kuti azigulitsa madzi.

Choncho mzere wa pakhomo la ndege ndi msika. American Airlines imagawa okwera m'magulu 9. Oyamba ndi a mipando yodula ya kutsogolo, asilikali, ndi amene amayenda kawirikawiri ndi kampaniyo; pakatipo pali eni makhadi a banki ogwirizana nayo ndi amene alipira mwapadera; kumapeto kuli a matikiti otsika mtengo. Za kuno kwathu nazo zili ndi zake. Ethiopian Airlines, imene ili ndi gawo mu Zambia Airways yomwe inayambanso kuuluka mu December 2021, imayambitsa a mipando ya Cloud Nine ndi a makhadi apamwamba a ShebaMiles, ndipo Kenya Airways imagwiritsa ntchito njira yotchedwa SkyPriority. Ngakhale Southwest Airlines ya ku America, imene kwa zaka zoposa 50 inkalola munthu kukhala pampando uliwonse umene waupeza ngati m'minibasi, inalengeza mu 2024 kuti chizolowezicho ikuchisiya.

Kunena chilungamo, nawonso saiwaliratu ofooka. Ku America lamulo limakakamiza makampani kulola wolumala amene wapempha kuti akwere ena asanayambe, ndipo ambiri amayambitsanso a ana akhanda. Koma ukalamba wokha si tikiti. Azakhali anga, a imvi zawo, anaima pambali n'kumaonerera mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wawo akudutsa pakapeti, timawaya m'makutu, osacheuka. Sanalakwe kanthu mnyamatayo. Analipira.

Nanga wolowerera pamzere amamutani? Apa ndi pamene pandikopa kwambiri. Ogwira ntchito m'mabwalo a ndege ku America ali ndi dzina lachipongwe la anthu ounjikana pakhomo gulu lawo lisanaitanidwe. M'Chichewa tingati "nsabwe za pakhomo". Kwa zaka zambiri wa pakhomo ankangodalira maso ake, ndipo pa anthu mazana awiri ena ankapulumuka. Chakumapeto kwa 2024 American Airlines inayesa makina atsopano ku Albuquerque, ku Tucson ndi pabwalo la Reagan ku Washington, ndipo pofika November inali itawaika m'mabwalo oposa 100. Munthu akaika tikiti pamakina gulu lake lisanakwane, makinawo amalira mokweza n'kuikana, wa pakhomo n'kumuuza kuti apatuke adikire. Chindapusa palibe. Chilango chake ndi phokoso lija ndi maso a anthu.

Ndinaseka nditamva zimenezi, chifukwa makina amenewa kwathu tili nawo kuyambira kale, kungoti ndi a pakamwa. Yesani kulowetsa thumba lanu patsogolo kuchigayo. Simufika n'komwe pasikelo musanamve mawu a mayi wina kuchokera pamthunzi: "Inu abambo, ife tagona pano? Kumbuyo uko!" Ena n'kuwonjezera: "Kapena anzathu muli ndi njala ya mtundu wina?" Kuseka kumene kumatsatirako kumapweteka kuposa chindapusa, ndipo nkhaniyo imakafika kumudzi inu musanafike ndi ufa. Azungu anachita kupanga makina chifukwa pakhomo la ndege palibe wodziwa mnzake. Manyazi a pamaso pa alendo amatha ndege ikangonyamuka. A kumudzi umadzuka nawo mawa.

Makampani amati magulu amathandiza kuti kukwera kufulumire, pakuti ndege imapanga ndalama ili m'mwamba, osati itaima. Koma kuyambitsa a kutsogolo ndiye kuchedwetsa: amaima m'kanjira kuika zikwama, a kumbuyo n'kutsekerezedwa. Mu 2008 katswiri wa zakuthambo Jason Steffen anawerengera pakompyuta n'kupeza kuti njira yachangu ndi kuyamba ndi a kuzenera, kuchokera kumbuyo, modumphitsa mizere kuti anthu asapanikizane. United Airlines mu October 2023 inabwezeretsa dongosolo loyamba ndi a kuzenera, kenako a pakati, kumalizira a m'mbali mwa kanjira, ponena kuti lipulumutsa pafupifupi mphindi ziwiri. Komabe a mipando yodula anasiyidwa patsogolo pomwepo. Kondakitala wa minibasi ya pakati pa Lundazi ndi Chipata sanaphunzire zakuthambo, koma tsiku lililonse amakuwa kuti, "Tiyeni tiyambe kudzadza kumbuyo, makolo!" Ndipo pali chinanso choseketsa: m'mabwalo mmene okwera amatengedwa pabasi kupita pamene yaima ndege, wolipira uja amayamba kulowa m'basi, kukankhidwira m'kati, n'kudzatuluka pomaliza.

Ndisanamizire kuti kwathu onse ndi ofanana. Sitinakhalepo otero. Pachakudya amayamba kusamba m'manja ndi wamkulu, mwana amadikira madzi atada kale. Pa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, Loweruka lomaliza la August, mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique sathamangira pamaso pa Kalonga Gawa Undi mwachipwirikiti. Mfumu iliyonse imadikira iitanidwe, ndipo amene akhala pamthunzi ndi amene akhala padzuwa amadziwika. Ngakhale kugulitsa malo timakudziwa: mpando wa kutsogolo kwa Canter, pafupi ndi dalaivala, nthawi zambiri umakwera mtengo kuposa kukhala pamatumba kumbuyo. Kusiyana kwake n'kwakuti galimotoyo ikaima pamudzi wina n'kupeza mayi amene matenda ayamba akupita kuchipatala, wolipira uja amatsika yekha n'kukwera kumbuyo, ndipo za ndalama yake sazitchula. Akazengereza, a pamatumba amamutsitsa ndi pakamwa.

Ulemu wathuwu uli ndi mbali yake yowawa, ndipo amene amaimva ndi ana ndi amayi. Mwana wotumidwa kuchigayo m'mawa akhoza kubwerako madzulo chifukwa wamkulu aliyense wobwera amamuuza kuti, "Iwe ndiwe mwana, dikira." Pamisonkhano amayi amene aphika ndiwo amadya pomaliza. Pamenepo mzere wa zigubu umaposa mzere wa anthu, chifukwa chigubu sichifunsidwa zaka.

Choipitsitsa ndinachiona chaka china padepoti ina yogulitsira chimanga, dzina ndisatchule. Tinagona pamatumba athu masiku atatu, kuphika pamafuwa pomwepo, mayina atalembedwa bwinobwino m'kope malinga ndi mafikidwe. Tsiku lachitatu dzuwa likupendeka inafika lole ya wamalonda wina, n'kudutsa ngolo zathu zonse mpaka pasikelo. Titafunsa, anatiyankha kuti, "Awa analembetsa kale." Kale liti, popeza kope tinkaliona tonse? Agogo ena amene anali patsogolo panga anangopukusa mutu n'kubwerera pathumba pawo. Palibe anakuwa kuti "Kumbuyo uko!" Pakamwa paja pamalira kuchigayo panauma, chifukwa aliyense ankaopa kuti chimanga chake chikanenedwa kuti n'chosauma. Makina athu a pakamwa amalira kwa wofanana naye. Akaona bwana amazima.

Apa ndiye a ndege amatiposa. Amagulitsa malo, inde, koma mtengo wake uli poyera, gulu lalembedwa patikiti, ndipo makina salabadira kuti wabwerayo ndi mlamu wa ndani. Wa m'gulu lomaliza amadziwiratu kuti ndi womaliza asanachoke pakhomo pake. Ifenso malo timagulitsa, koma kuseri kwa shedi, mtengo wake osadziwika, ndipo wosauka amauzidwa kuti akufola pamzere wachilungamo pamene pali mzere wina umene sakuuona. Kuba kotere kumawawa kuposa kapeti wa pakhomo la ndege.

Tsiku limene ndinaona mbali ziwirizi zitagwirizana ndi la chisankho, pa 12 August 2021. Anthu anafola kusanache, ndipo lamulo linali lodziwika kwa onse: wofika msanga ayambe, koma okalamba, amayi oyembekezera ndi olumala apite patsogolo. Linanenedwa poyera, oyang'anira zipani anali pomwepo kuonerera, ndipo mwini sitolo anaima padzuwa kumbuyo kwa mlimi wa mtedza. Zinatheka chifukwa chifundo cha pamjigo chinali chitalembedwa, ndipo panali maso ambiri osaopa munthu.

Azakhali anga tsiku lija anakwera pafupifupi pomaliza. Timakabati tinali titadzadza, chikwama chawo cha ufa ndi mtedza anachitsitsira pansi pa ndege, n'kukachipeza bwinobwino kofika. Potuluka tinamupeza mnyamata wa timawaya uja akudikira katundu wake palamba yemweyo. Azakhali anangondiyang'ana, osanena kanthu.

Makina olira aja, ngati alipo wotha kuwabweretsa kuno kwathu, akawaike padepoti ya chimanga ndi pamzere wa feteleza, pamene pakamwa pathu pamachita mantha. Pamjigo asafikepo, angadzawabweze ambuya ndi kachidebe kawo.