Ndodo ya giya ikuchoka m'mathiraki: kodi takonzeka?

Kwa zaka zambiri, dalaivala wa thiraki ankadziwika ndi mmene dzanja lake likugwirira ndodo ya giya. Giyabokosi ya Eaton Fuller ya magiya 13 kapena 18, yomwe inadzaza m'mathiraki a ku America, sinkalola munthu wosamvetsera kulira kwa injini: akaphonya pang'ono, mano a giya ankakukutana mpaka aliyense kudziwa kuti woyendetsayo ndi mlendo pantchito. Lero ku Ulaya ndi ku North America mathiraki akuluakulu ambiri akutuluka m'fakitale opanda chopondera kilachi. Kusinthaku sikubwerera m'mbuyo, ndipo kwa ife amene katundu wathu amadzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, nkhani yaikulu yagona pa anthu. Kodi tili nawo odziwa kuyendetsa ndi kukonza mathiraki oterewa?

Ambiri akamva zoti otomatiki amaganiza za galimoto yaing'ono, koma zam'mathiraki n'zosiyana. Mkati mwa bokosi muli mano ndi kilachi monga mwakale, kungoti amene akuponda kilachiyo ndi kulowetsa giya ndi kompyuta, pogwiritsa ntchito mphamvu ya mpweya ndi magetsi. Scania inabweretsa Opticruise m'zaka za m'ma 1990, ndipo poyamba chopondera kilachi chinalipobe, chogwiritsa ntchito ponyamuka ndi poima. Mu 2001 Volvo inatulutsa I-Shift, yopanda chopondera chimenechi. Ku America, komwe madalaivala ankanyadira kwambiri ndodo, Freightliner inayamba kuika Detroit DT12 m'mathiraki ake a Cascadia, ndipo mu 2017 Eaton yomwe ija inagwirizana ndi Cummins kupanga magiyabokosi osintha okha. Kampani yotchuka ndi ndodo ikatembenuka chonchi, ndiye kuti msika wagamula kale.

Chimene chinakoka eni mathiraki ndi dizilo. Dalaivala waluso angathe kusintha magiya mosamala ngati kompyuta, koma sangatero ola lililonse la ulendo wa masiku anayi, thupi litatopa ndiponso tulo tikumuvuta. Kompyuta sitopa. Imayeza kulemera kwa katundu ndi kupendekeka kwa msewu, ndipo makina ngati I-See a Volvo amadziwiratu chitunda chili kutsogolo n'kusankha giya thiraki isanachifike. Kilachi imakhalitsanso chifukwa palibe phazi loipsereza. Chinanso ndi kuchepa kwa madalaivala. Mu 2021 bungwe la American Trucking Associations linati dziko la United States likupereweredwa madalaivala pafupifupi 80,000, ndipo thiraki yosavuta kuphunzira imatsegula khomo kwa achinyamata ndi amayi ambiri. Bondo lakumanzere, lomwe linkazunzika pamzere wa m'mizinda ndi pazipata za m'malire, nalo lapuma.

Madalaivala akale ali ndi dandaulo loyenera kulimvetsera. Amati kompyuta sidziwa mtsetse wa Chiweta, ndipo munthu wonyamula mafuta kuchokera ku Dar es Salaam amafuna giya ikhale m'manja mwake, osati m'nzeru za makina. Makina oyambirira analidi ndi vuto losintha giya pamalo olakwika. Koma amakono amamulola dalaivala kusankha yekha giya ndi kuitsekera pomwepo, ndipo amagwira ntchito pamodzi ndi buleki ya injini komanso chipangizo chochepetsa liwiro chotchedwa retarder kuti mabuleki a m'matayala asapse. Pankhani ya kulemera, mu 2016 Volvo inatulutsa I-Shift ya magiya okwawa, yotha kunyamuka ndi matani 325. Choopsa chili kwa munthu amene wauzidwa kuti thiraki imadziyendetsa yokha, nayamba kutsika phiri ali pagiya yaikulu, phazi lili pabuleki. Kuwerenga msewu, kudziwa kulemera kwa ngolo ndi kuchepetsa liwiro usanafike pamtsetse ndi luso lomwe fakitale singaliike m'bokosi.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemera koposa, ndipo ndi lathu kwenikweni. Giyabokosi ya ndodo ikavuta pakati pa Tete ndi Mwanza, makaniko wa m'mbali mwa msewu amatha kuitsegula ndi masipanala n'kuifikitsa ku Blantyre. Yosintha yokha imatha kukana kulowa giya chifukwa cha kawaya kamodzi kothothoka, mpweya wochepa kapena batire yofooka, ndipo kupeza vutolo kumafuna kompyuta yoyezera ndi munthu wodziwa kuiwerenga. Zipangizo zake zimachokera kunja, pomwe ndalama zakunja n'zosowa. Izi n'zoona, komabe sizitipatsa njira yothawira. Mathiraki ambiri a kuno timagula ogwiritsidwa kale ntchito ku South Africa, Britain ndi kwina, choncho zimene maiko amenewo agula zatsopano lero ndi zimene tidzagule ife mawa. Mathiraki a ku China monga Howo ndi FAW akusungabe ndodo m'misewu yathu, koma amene akufuna Volvo, Scania kapena Mercedes-Benz ya zaka zaposachedwa adzaipeza yopanda chopondera kilachi. Walira mvula walira matope: wofuna kupulumutsa dizilo avomerenso kulipirira maphunziro a makaniko wake.

Choncho ntchito ili poyera. Makoleji a ntchito zamanja omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA aziphunzitsa zamagetsi ndi kompyuta za mathiraki mofanana ndi mmene amaphunzitsira kumasula injini. Sukulu zoyendetsa galimoto zisasiye ndodo, chifukwa kwa zaka zambiri zikubwerazi dalaivala wa kuno azikumana ndi mitundu yonse iwiri; ngakhale ku United States, wolemba mayeso pa otomatiki amapatsidwa laisensi yomuletsa kuyendetsa thiraki ya ndodo. Eni makampani nawo asamangopereka makiyi a thiraki yatsopano kwa dalaivala wakale popanda kumuphunzitsa mmene makinawo amaganizira. Dziko lopanda doko limadya ndi kulima podalira zimene zabwera pamsewu, ndipo thiraki iliyonse yogona sabata m'galaja chifukwa chosowa woidziwa imakweza mtengo wa feteleza ndi mafuta kwa tonsefe.