Kabowo kamene kamasunga injini ya Yamaha DT

Amene anakulira kumudzi zaka za m'ma 1980 ndi 1990 sangasokonezeke nako kulira kwa Yamaha DT. Phokoso lake lakuthwa linkayamba kumveka kutsidya kwa dambo, utsi wabuluu ukutsalira m'mbuyo, ndipo aliyense ankadziwa kuti alangizi afika. Mtundu wa njinga zamotozi unayamba mu 1968 ndi DT-1 ya 250cc, kenako kunabwera DT125 ndi DT175 zomwe zinakwanira kuno. Ndimazikonda njingazi, ndipo zimandiwawa kuona kuti zambiri sizifa ndi ukalamba. Zimaphedwa ndi kabuleta yotcheredwa molakwika.

Injini ya two-stroke yozizira ndi mphepo imadalira petulo pa ntchito ziwiri: kuyaka, komanso kuziziritsa pisitoni. Petulo akachepa mu mpweya umene ukulowa, moto umatentha kwambiri, pisitoni ya aluminiyamu imafufuma msanga kuposa silinda, mpaka imagwira, tayala lam'mbuyo n'kuima njinga ikuthamanga. Nthawi zina imabooka pamutu. Petulo akachuluka, choipa chake n'chochepa: pulagi imada, utsi umachuluka, mphamvu imatsika. N'chifukwa chake ine ndimalolera kupyoza pang'ono mbali ya petulo wambiri, chifukwa pulagi ndi yotchipa poyerekeza ndi kuboola silinda.

Mu kabuleta ya Mikuni imene ili pa DT, petulo amadutsa njira zingapo, ndipo iliyonse ili ndi nthawi yake malinga ndi mmene dzanja lakokera moto, osati liwiro la njinga. Moto ukakhala wotseka mpaka pafupifupi gawo limodzi mwa anayi, ikulamulira ndi pilot jet pamodzi ndi sikulu ya mpweya. Kuchoka apo mpaka magawo atatu mwa anayi, ntchito ndi ya singano yosongoka imene imakwera ndi kutsika. Kumtunda kwake ili ndi timizere tisanu toikapo kapanira: mukatsitsa kapanirako singano imakwera ndipo petulo amachuluka, mukakakweza amachepa. Main jet imayamba kulamula moto ukatsegulidwa pafupifupi wonse. Ambiri amathamangira kusintha main jet pamene vuto lili pakati, pomwe njinga imayendera tsiku lonse.

Khutu limathandiza. Injini ya petulo wambiri imabwebweta, kulira modukizadukiza ngakhale yatentha kale. Ya petulo wochepa imakhala ngati ikufuna kuzima mukakoka moto mwadzidzidzi, imachedwa kutsitsa phokoso mukausiya, ndipo pachikweza imalira ngati timiyala m'chitini. Choopsa n'chakuti njinga imene petulo wangoperewera pang'ono ndiyo imakoma kukwera. Imakoka, imalira bwino, mwini wake n'kumayamikira makaniko, patsala pang'ono kuti pisitoni igwire.

Koma musanagule jeti ngakhale imodzi, fufuzani pamene mpweya ukulowera mobisa. Pa njinga ya zaka makumi anayi, labala wolumikiza kabuleta ndi injini amakhala atang'aluka, ndipo masilo a kulankishafuti amauma. Silo ya mbali ya magineto ikatha imayamwa mpweya, ya mbali ya kilatchi imayamwa oyilo wa m'giyabokosi. Palibe jeti ingachize zimenezi. Tsukani fyuluta, onani ngati float ili pa msinkhu wake, ndipo chonde musamatokose jeti ndi waya. Ndi ya mkuwa wofewa, bowo limakula osaoneka ndi maso.

Kenako tenthetsani injini, mangani sikulu ya mpweya mosakakamiza, n'kuimasula kamodzi ndi theka. Iyendetseni pang'onopang'ono mpaka injini ilire mosalala. Ikafuna kumasulidwa kupitirira kawiri ndi theka, pilot jet yakula. Ikakoma isanafike kamodzi, yachepa. Main jet imayesedwa pamsewu wopanda anthu ndi pulagi yabwino: kokani moto wonse m'giya yapamwamba, gwirani kilatchi n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo, kenako masulani pulagi. Yofiirira ndiye zili bwino, yoyera mbee ndi ngozi. Yambani ndi jeti yaikulu muzitsika, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi n'kuchilemba.

Dziko lathu limaonjezera zake. Mpweya umapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa khumi pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera. Nsanje sifika mamita 100 kuchokera pa msinkhu wa nyanja yamchere, Lilongwe ili cha m'ma 1,050, Dedza cha m'ma 1,600, pamene ku Nyika mumapitirira 2,000. Njinga yotcheredwa ku Dedza ikatsikira kuchigwa cha Shire imapeza mpweya wolemera, jeti ili yomweyo, ndiye petulo amaperewera, makamaka m'mawa wozizira wa mu June. Petulo wathunso amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga. Ethanol amafuna mpweya wochepa kuti ayake, choncho jeti yolembedwa m'buku la mu 1978 itha kukhala yaing'ono lero.

Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu a mtima wabwino. Yamaha inayamba kuika pampu ya oyilo ya Autolube mu 1964, koma ambiri anaichotsa n'kumathira oyilo m'thanki. Poopa kuononga injini amathira wambiri, osadziwa kuti oyiloyo akudutsa bowo lomwelo n'kulanda malo a petulo. Mukachotsa pampu, sankhani muyeso umodzi, monga 32:1, muusunge, ndipo jeti muitchere pa muyeso umenewo. Pogula, funsani jeti ya Mikuni yeniyeni. Manambala ake amanena kuchuluka kwa petulo wodutsa, pomwe a Keihin amanena kukula kwa bowo, kotero 140 ya uku si 140 ya uko.