Magitala awiri, mtengo umodzi, koma ina yacheka zala

Mwezi wathawu ndidaperekeza anyamata a kwaya ina ya kwa Kadewere m'boma la Chiradzulu kukagula zida ku Limbe. Ndalamazo adasonkha kwa miyezi ingapo, ena atagulitsa nandolo, ena atagwira maganyu. M'sitolo ina adagula magitala amagetsi awiri a dzina limodzi pa mtengo umodzi. Adayesa imodzi yokha, inayo adangoinyamula ili m'katoni.

Atafika kumudzi, yoyesedwa ija inkalira bwino. Inzakeyo inkacheka zala, nsambo yaikulu inkalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo ikalumikizidwa ku ampulifaya inkachita phokoso munthu asanayambe n'kuimba komwe. Risiti sadatenge. Atabwerera, mwini sitolo adangoti katundu akatuluka sabwezedwa.

Kodi zimatheka bwanji kuti katundu wochokera m'fakitale imodzi asiyane chonchi?

Magitala ambiri otchipa amene timawaona m'masitolo amatengera maonekedwe a Stratocaster, gitala imene kampani ya Fender ya ku America idatulutsa m'chaka cha 1954, kapena a Les Paul ya kampani ya Gibson ya m'chaka cha 1952. Ochuluka amapangidwa ku China ndi ku Indonesia. Kudula thupi ndi khosi la gitala ndi ntchito ya makina, ndipo makinawo amadula mofanana. Kusiyana kumabwera pa ntchito yomaliza, yomwe ndi ya manja a munthu: kukhoma ndi kusalaza tizitsulo ta pakhosi tija oimba amati mafureti, kucheka timipata todutsamo nsambo, kuwotcherera mawaya m'kati ndi kulinganiza zonse kuti zigwirizane.

Ntchito imeneyi imadya nthawi, ndipo nthawi ndi ndalama. Fakitale ikafuna kutsitsa mtengo imayamba kudula pomwepa. Wantchito amapatsidwa magitala ambiri pa tsiku, ndipo oyendera katundu sayang'ana iliyonse. Imodzi imagwa m'manja mwa mmisiri wodekha, ina m'manja mwa wotopa. Zonse zimalowa m'makatoni ofanana.

Chachiwiri ndi matabwa. Thabwa la gitala limayenera kuumitsidwa mokwanira lisanasemedwe. Likasemedwa lili ndi chinyezi, limapitiriza kuuma lili kale gitala, ndiye khosi limapindika. Onjezani ulendo wake: masabata panyanja m'kontena, kenako pagalimoto kuchokera ku madoko monga Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Ikafika kuno ikumana ndi chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, kenako kutentha kouma kwa mu Okutobala. Thabwa limafota koma chitsulo sichifota, n'chifukwa chake nsonga za mafureti zimatulukira m'mbali n'kumacheka zala.

Chachitatu ndi dzina. Fakitale imodzi imatha kupangira amalonda osiyanasiyana, aliyense n'kumatapo dzina lake. Palinso achinyengo amene amamata dzina la Fender kapena Gibson pa gitala wamba. Makampani akuluwa ali ndi mayina awo a katundu wotsika mtengo: Squier ndi ya Fender, Epiphone ndi ya Gibson, ndipo Yamaha ili ndi Pacifica. Mukaona yolembedwa Fender ili pa mtengo wofanana ndi zopanda dzina, kayikani.

Kuno kwathu pali vuto linanso. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso ndi kusowa kwa ndalama zakunja, woitanitsa katundu amakakamizika kusankha wotsikitsitsa mtengo kuti apeze ogula. Choncho ntchito yoyendera imene fakitale idaidumpha imagwera inu.

Nazi zoyenera kuchita musanapereke ndalama. Pitani ndi munthu wodziwa kuimba, ndipo yesani gitala yeniyeniyo imene mutuluke nayo, osati ya pachionetsero.

Yambani ndi khosi. Kwezani gitala ngati mukuloza ndi mfuti, muyang'ane kuchokera kumutu kutsika kuthupi. Kupindika pang'ono chabe si vuto, chifukwa m'kati mwa khosi muli ndodo yachitsulo imene mmisiri amaimanga kapena kuimasula kuti aliwongole. Koma ngati khosi lapotoka, mbali ina yakwera ina yatsika, isiyeni. Limenelo silikonzeka pa mtengo wanzeru.

Kenako yendetsani chala pang'onopang'ono m'mbali zonse ziwiri za khosi kuti mumve ngati pali nsonga zobaya. Mukatero imbani nsambo iliyonse pa fureti iliyonse, kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Pamene mawu akufa kapena akunjenjemera, pali kachitsulo kamene kakwera kuposa tinzake.

Yezaninso kutalika kwa nsambo. Pa fureti ya nambala 12, mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ndi kachitsulo uyenera kukhala pafupifupi mamilimita awiri. Khadi ya ATM ndi yokhuthala mamilimita 0.76, ndiye makhadi atatu ophatikiza ayenera kulowa mothina. Akalowa asanu momasuka, nsambo zakwera kwambiri ndipo woimba azivutika kudinikiza.

Fureti ya nambala 12 yomweyo ili pakati penipeni pa utali wa nsambo. Choncho mukatchuna nsambo, mawu amene ikutulutsa osaidinikiza ayenera kufanana ndi a pa fureti ya 12, kungoti apawa ndi okwera. Mapulogalamu aulere otchunira gitala a pa foni amakuonetsani msanga. Kusiyana pang'ono kumakonzeka ndi timasikuluu ta kumunsi komwe nsambo zimakhazikika. Kusiyana kwakukulu pa nsambo zonse ndi chizindikiro choti chitsulo chakumunsicho chidakhomedwa pamalo olakwika.

Musavomere kugula gitala yamagetsi osailumikiza ku ampulifaya. Sunthani switchi pa malo ake onse, pokotsani tozungulira tonse ta mawu, gwedezani pang'ono chingwe polowera pake. Mukamva kuthetheka kapena mawu akudukiza, kuwotcherera kwake n'kosalimba. Kaphokoso kapansipansi ndi khalidwe la magitala a mtundu wa Stratocaster, chifukwa timaginito take timatola phokoso la magetsi. Kayenera kuchepa mukagwira nsambo. Kakapanda kusintha kapena kakakula, mawaya m'kati sali bwino. Ndipo nsambo zikakugwirani ngati magetsi, lekani pomwepo. Vuto lotere kawirikawiri limakhala la ampulifaya kapena mawaya a m'nyumba, ndipo lingathe kupha.

Sikuti vuto lililonse n'lothawitsa. Nsonga zobaya, nsambo zokwera, waya womasuka ndi makiyi otchunira olobodoka ndi zinthu zimene mmisiri amakonza. Zimenezi zigwiritseni ntchito ponenerera mtengo: muonetseni wogulitsa vutolo, mumuuze kuti achotsereko ya mmisiri. Khosi lopotoka, mng'alu pamene khosi lalumikizana ndi thupi, ndi ndodo ya m'khosi yosatembenuka, zimenezo ndi zosiya ngakhale atsitse bwanji. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: utoto wonyezimira sutulutsa mawu.

Pokonza bajeti musathere ndalama yonse pa gitala. Siyaniko ya nsambo zatsopano, chifukwa zobwera nazo nthawi zambiri zimakhala zachabe kapena zadzimbiri, ya chingwe chabwino ndi ya mmisiri. Gitala yogwirapo kale ntchito ya dzina lodziwika, imene khosi lake lakhala zaka lili lowongoka, nthawi zina imaposa yatsopano yopanda mbiri.

Tengani risiti yolembedwa tsiku, mtengo, dzina la gitala ndi nambala yake ngati ilipo, ndipo gwirizanani masiku obwezera musanatuluke. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Koma popanda risiti mlandu wanu umayamba wofooka.

Kwa inu amalonda, tsegulani katoni iliyonse katundu akangofika. Patulani zabwino ndi zofuna kukonza, ndipo mitengo isiyane. Ogula magitala ambiri ndi makwaya ndi mabandi, anthu amene amakumana pa maukwati ndi pa misonkhano ya mipingo n'kumauzana komwe adagula. Gitala imodzi yoipa ingakuthawitsireni mipingo ingapo.

Anyamata a kwa Kadewere aja adachita mwayi, khosi la gitala yawo lidali lowongoka. Mmisiri adasalaza mafureti, adatsitsa nsambo ndi kuwotcherera waya umodzi umene udali wosagwira. Tsopano ikulira pa mapemphero a Lamulungu. Koma ndalama ya mmisiri ndi ya minibasi maulendo awiri idachokera pa imene adasungira maikolofoni, ndipo mpaka lero akuimba ndi yobwereka.