Tabuleti Yagulidwa, Mwana Sakhudza Buku

Sabata latha ndinaitanidwa ku nyumba ina ya ku Parklands kuno ku Kitwe, kumene bambo wina wa kwathu ku Katete, munthu wa udindo wake ku migodi, anandikhazika pa mpando wofewa nandidandaulira za mwana wake wa zaka 11. "Aphunzitsi," anatero, "mwanayu ndam'lipirira sukulu yodula, ndam'gulira tabuleti, ndam'pezera womuphunzitsa masana, koma akaona buku achita ngati waona njoka. Kodi alibe mutu, kapena vuto ndinu aphunzitsi a masiku ano?" Ndisanayankhe ndinamwaza maso m'chipindamo, ndipo ndinaona wailesi yakanema yaikulu ngati chitseko, ndi kabati ya galasi m'mene munandandalikidwa mabuku okongola, ena asanavulidwe ndi pulasitiki yomwe. Mtima unandiwawa, pakuti chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa zaka zonse zimene ndaphunzitsa ana ang'ono kuwerenga, palibe bodza landitopetsa koposa ili, lakuti kukonda maphunziro kumagulidwa monga agulira firiji, kotero kuti ndalama zikatuluka koma chipatso osaoneka, mlandu ugwere mutu wa mwana. Ife a ntchitoyi timayamba ndi foniki, ndiko kuphunzitsa mwana kugwirizanitsa chilembo ndi liwu lake, kuti akaona "m" ndi "a" atulutse "ma"; imeneyo ndi ntchito yathu, ndipo mphunzitsi akailephera adzudzulidwe ndithu. Komatu kutchula mawu ndi kwina, kumva chimene mawuwo anena ndi kwinanso, ndipo kwachiwiriku kudalira nkhokwe ya mawu imene mwana abwera nayo kuchokera kunyumba, nkhokwe imene sidzazidwa ndi malisiti a fizi, koma ndi kucheza, mafunso oyankhidwa mopanda kukalipa, zilapi ndi nthano za madzulo. Agogo anga, amene sanapondepo m'kalasi, ankati akati "Padangotero," ife n'kuvomera "Tili tonse," anali kutiphunzitsa kutsata nkhani kuyambira kumutu kufikira kumchira, kuganizira chimene Kalulu achite, ndi kusunga mawu achilendo kufikira tanthauzo lake litadziulula. Ndipo zimenezi ndizo zomwe wowerenga wokhwima amachita ndi buku.

Mwana wa ku Parklands uja amva Chibemba pamsewu ndi Chingerezi kusukulu, koma kunyumba, kumene makolo ake achita manyazi kum'lankhula Chichewa chawo, amangomva malamulo afupiafupi: idya, samba, kagone. Chinenero chimene atate ake akanam'simbira nacho za mvula ya ku Katete ndi mbiri ya agogo ake chatsekeredwa kunja ngati mlendo wosafunika. Ichi ndicho chindipweteka koposa.

Akuluakulu anati make mbuu, mwana mbuu. Kenneth Kaunda anabadwira ku Lubwa mu 1924 m'nyumba yopanda chuma, koma atate ake, David Kaunda wochokera ku Nyasaland, anali mphunzitsi ndi mlaliki, amayi ake a Helen mphunzitsinso, ndipo n'zosadabwitsa kuti iye mwini anadzagwira choko, naphunzitsa ngakhale kufupi kuno ku Mufulira asanalowe ndale. Mwana amalakalaka chimene aona akulu akuchikonda iwo eni.

Pano wina asandimve molakwa, ngati ndikuti umphawi ulibe kanthu. Mwana wogona ndi njala sangatsate chiganizo kufika kumapeto. Ndipo mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima maola ambirimbiri, ana a ku Chimwemwe ndi ku Wusakile anawerengera pa kandulo kapena osawerenga konse, pamene nyumba za jenereta zinali ngwee. Boma litachotsa fizi m'sukulu zake mu 2022, ana ambiri anabwerera, chinthu chokoma zedi, koma makalasi anadzaza kotero kuti mphunzitsi sangathe kumvetsera mwana aliyense akuwerenga payekha. Ngakhale William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene anasiya sukulu posowa fizi m'njala ya 2002 napanga makina amphepo otulutsa magetsi, anatero chifukwa panali kalaibulale kamene wina anaikamo mabuku ndi ndalama. Chuma chitsegula khomo, indedi. Koma kum'gwira dzanja mwana kuti alowe, chimenecho sichingathe.

Chochita nanga n'chiyani? Sindilonjeza zozizwitsa, pakuti ana sali ofanana, ndipo alipo ena amene zilembo zimawasokonekera m'maso kapena samva bwino, amene afunika kupimidwa, osati kukwapulidwa. Koma yesani mphindi 15 madzulo, foni ili kutali, muwerengere limodzi ndi mwana wanu chilichonse, kaya nyuzipepala kaya Buku Lopatulika, m'chinenero chimene mumaseka nacho. Mulekeni asankhe yekha, ndipo musam'funse mafunso ngati mayeso.

Bambo uja ndinam'funsa chimodzi chokha: "Bambo, kodi mwanayu anakuonani liti inu mukuwerenga buku?" Anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana kabati ija, kenaka anaitana mkazi wake kuti amuuze kumene kuli kiyi wake.